Maondo Anga ndi Mlandu wa Bambo Tulloch

Woolwich, London
19 Novembala 2006

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi mwendo uja wasiya kutupa? Thandiwe anandiuza pa foni kuti mukukana kupita kuchipatala, ati chifukwa mvula yayandikira ndipo simunamalize kugalauza. Amayi, munda suthawa. Pitani akakuoneni, musadikire kuti achite kukunyamulani pa njinga.

Ine kuno ndili bwino. Kuzizira kwayamba, ndipo folo koloko isanakwane kumakhala kutada kale. Juzi munandilukira ija inafika, ndikuivala mkati mwa yunifolomu. Manja ake atalika pang'ono koma musadandaule, ndikumapinda.

Kalatayi italika, ndiye khalani pansi. Nkhaniyi sindikanatha kuikamba pa foni, makhadi oimbira aja amatha munthu usanamalize ndi moni womwe. Mutu wake ndi wakuti inu, Amayi, munaitanidwa ngati mboni pa mlandu kuno ku London, muli phee ku Domasi osadziwa kanthu. Musadzidzimuke, apolisi sabwera. Ndifotokoza kuyambira pachiyambi.

Mukudziwa kuti ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Tili ndi nkhalamba makumi atatu ndi ziwiri, ndipo mwa onsewo amene ndimagwirizana nawo kwambiri ndi Bambo Roy Tulloch a m'chipinda 14. Ali ndi zaka 81. Anadwala sitiroko zaka zinayi zapitazo moti mkono ndi mwendo wakumanzere sizigwira bwino, koma mutu uli bwinobwino, ndipo pakamwa ndiye ayi ndithu, sitiroko inaopa kufikapo.

Kwawo ndi ku Scotland. Anabadwira m'mudzi wa migodi ya malasha, pafupi ndi Blantyre wa kumeneko, mwini dzina amene wathuyu anatengerako. Bambo awo ankagwira ntchito pansi mu mgodi mpaka chifuwa chinawatha, ndipo asanamwalire analumbiritsa mkazi wawo kuti mwana ameneyu asadzalowe pansi. Ndiye mnyamata anakakamira sukulu mpaka anakaphunzira za malamulo ku Glasgow. Atakhala loya, anthu ake oyamba kuwaimira anali omwewo a kumigodi ndi akazi amasiye. Amati chaka choyamba anadya mazira ambiri kuposa munthu aliyense mu Scotland, chifukwa ndi zimene amasiyewo ankabweretsa pothokoza.

Mu 1964 anthu a kwawo anawasankha kukhala phungu, n'kubwera kuno ku Nyumba ya Malamulo. Anakhalamo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Unduna sanaulaweko. Eni ake amaseka, amati katatu konse dzina lawo linali litalembedwa kale, katatu konse anaimirira n'kudzudzula akuluakulu a chipani chawo chomwe, dzina n'kufufutidwa. Chimene amanyadira ndi tsiku lina pamene analankhula maola awiri ndi theka osakhala pansi, kumenyera chipukutamisozi cha amasiye a kumigodi, mpaka anzawo anavomera chifukwa cha kutopa. Nkhani imeneyi ndaimva mwina kakhumi, ndipo maola aja amawonjezekera pang'ono ulendo uliwonse. Mu 1983 anagwa pa chisankho, n'kubwerera ku uloya mpaka kupuma.

Ku Scotland sanabwererenso chifukwa mkazi wawo, Mayi Moira, anali wa konkuno ku Woolwich. Anamwalira kalekale ndipo anaikidwa ku manda a pafupi pomwepa. Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse a Zacheus amawakankha pa mpando wa matayala kukaona mandawo. A Zacheus ndi amene amakonza zowonongeka pa nyumba pathu pano. Ndi a ku Zimbabwe, koma agogo awo anachokera ku Dedza kukagwira ntchito ku mafamu a fodya, ndiye Chichewa amalankhula, chosakaniza ndi Chishona mwa apo ndi apo. Mwana wa a Tulloch ndi mmodzi yekha, ali kutali ku New Zealand.

Tsiku langa loyamba, nditanena kuti ndine wa ku Malawi, nkhalamba ija inandiyang'ana n'kunena kuti, “Muli bwanji, mayi?” Amayi, ndinatsala pang'ono kugwetsa thireyi. Anandiuza kuti anakhalako kwathu miyezi isanu ndi iwiri mu 1959, nthawi ya mavuto a chitaganya, atatumidwa ndi anthu a mpingo. Chichewa chawo n'cha dzimbiri, mawu ake sapitirira makumi awiri, koma amawasunga bwino. Chodabwitsa n'chakuti munthu wolongolola chonchi, ukangofunsa zimene ankachita ku Nyasaland, amasintha nkhani n'kuyamba za mpira.

Tsono vuto linayambira apa. Kuno lamulo la pantchito ndi lakuti okalamba tiziwatchula dzina loyamba. Ine, mwana wanu, ndiime pakhomo n'kuitana munthu wa imvi kuti “Roy” ngati mnzanga wosewera naye fulaye? Lilime linakana. Ndimati Bambo Tulloch, ndipo eni ake anazolowera. Chinanso, anzawo onse amamwera tiyi wa fili koloko ku chipinda chochezera, timangoyenda ndi kangolo n'kumaika makapu pa tebulo. Iwo okha amamwera kuchipinda kwawo, pa mpando wawo waufupi pafupi ndi zenera, akuonerera pantoni ikuwolotsa magalimoto pa mtsinje. Ndikagogoda amati, “Lowani, mayi.” Munthu wamkulu atakhala pansi, wakulankhula Chichewa, iwe uli ndi kapu m'manja, maondo amadikiranso kuuzidwa? Ndinkagwada, kupereka ndi manja awiri, monga munandiphunzitsira. Masiku oyamba ankati ndidzuke, ine n'kumangoseka. Kenako anasiya kunena. Ndikagwada ankangotembenukira ku zenera, ine n'kumati ndi manyazi a azungu. Zaka ziwiri zinatha choncho.

Mwezi wathawu tinalandira manijala watsopano, Mayi Charity. Ndi munthu wakuda ngati ife, koma wobadwira konkuno, makolo awo anachokera ku Jamaica. Ndi mayi wachangu, sakhala mu ofesi, amazungulira zipinda yekha. Lachiwiri lina fili koloko anatsegula chitseko cha 14 n'kundipeza ndili chogwada, kapu m'manja, mzungu ali khale pa mpando akuyang'ana kunja. Mafayilo anali nawo m'manja anagwa pansi.

Anandiitanira ku ofesi, kundikhazika pa mpando wabwino, kundipatsa tiyi ndi mapepala opukutira misozi, ine ndisakulira n'komwe. Anandifunsa kuti zimenezi zinayamba liti. Ndinati kuyambira ndili ndi zaka zisanu. Iwo analemba. Ndinafotokoza kuti ndi ulemu wa kwathu, palibe anandikakamiza. Anandigwira dzanja n'kunena kuti aliyense wozunzidwa amayamba ndi kuikira kumbuyo womuzunzayo. Anafunsa ngati ndimagwadira okalamba enawo, ndinati ayi, ndi awa okha. Analembanso. Anafunsa kuti pemiti yanga yogwirira ntchito ili m'dzina la ndani, ndinati la nyumba ino, iwo n'kugwedeza mutu kuti ndi chifukwa chake ndikuopa kulankhula. Amayi, ndikamaseka ankalemba, ndikamakana ankalemba, ndikakhala chete ndiye ankalemba kwambiri. Kenako anatsegula fayilo ya a Tulloch n'kupeza kuti anakhalako ku Nyasaland nthawi ya atsamunda. Basi, kwa iwo nkhani inathera pomwepo, anati ameneyu ndi mtsamunda wakale amene akufunabe kugwadiridwa.

M'mawa mwake a Tulloch analandira kalata. Inati pakhala msonkhano Lachisanu la sabata yotsatira, kubwera bwana wa kulikulu, ndipo akapezeka olakwa pa mlandu wonyoza wantchito chifukwa cha khungu lake, adzapatsidwa masiku 28 kuti achoke. Malo a okalamba kuno ndi osowa. A khonsolo akanawaponya kulikonse kumene kwapezeka bedi, mwina kutali ndi London, kutali ndi manda a mkazi wawo. Ndiponso kalata ina ikanapita kwa mwana wawo kukamuuza kuti bambo ake achotsedwa chifukwa chogwaditsa mkazi wa ku Africa. Ine anandiletsa kulowa m'chipinda 14 mpaka mlandu utatha.

Ndinamva chisoni, Amayi, ndipo ndinachita manyazi. Munthu sanandilakwire kanthu, achotsedwe m'nyumba pa ukalamba wake chifukwa cha maondo anga? Lamulungu limenelo ndinalira mu basi kuchokera ku Woolwich mpaka ku Peckham, ndipo ku tchalitchi sindinamve ndi ulaliki womwe. A Zacheus anapita ku ofesi kukachitira umboni kuti kwawonso akazi amagwada, amawomba ndi m'manja momwe. Anawayankha kuti nawonso ali pa pemiti, mawu awo ndi a munthu wamantha.

Lolemba ndinafunsa a Zacheus kuti nkhalamba ija ili bwanji, ndikuyembekeza kumva kuti yasiya kudya. Anaseka mpaka kugwira khoma. Anati madala aja ametedwa ndevu, aitanitsa tayi, apempha mapepala ndi zolembera zitatu, ndipo phala akumaliza mbale yonse n'kupempha lina. Ati akuyimba nyimbo za kwawo m'bafa. Zaka khumi ndi zisanu asanagwire mlandu, lero mlandu wawapeza okha pa mpando.

A Zacheus anandipatsanso uthenga wochokera kwa a Tulloch. Anati mboni yamantha sithandiza, ngakhale ikunena zoona. Akufuna mboni imene sidziwa n'komwe kuti kuli mlandu, imene siopa manijala, siopa pemiti, siopa munthu. Ndinaganiza tsiku lonse. Ndikupukuta matebulo madzulo ndi pamene ndinakumbukira kaseti ya vidiyo ya chinkhoswe cha Thandiwe, ija munanditumizira chaka chatha. Munthu wosaopa aliyense ndimamudziwa mmodzi yekha pa dziko lino.

A Zacheus ananyamula makina a vidiyo a ku chipinda chochezera n'kukawalumikiza ku 14. Kaseti ija mukuidziwa, ndi ya maola atatu ndi theka, ndipo theka lake wojambula uja ankangojambula nsapato za anthu. A Tulloch anaionera yonse kawiri, cholembera m'manja, akufunsa kuti uyu ndani, uyu akuti chiyani, uyu ndi mbale wa mkazi kapena wa mwamuna. A Zacheus ankabwera kukhitchini kudzandifunsa n'kubwerera ndi mayankho, mpaka anadandaula kuti miyendo yawapweteka. Ine ndinkadabwa kuti zonsezi n'zachiyani, koma ndinati galu wamkota sakandira pachabe.

Lachisanu linafika. Tinakumana mu ofesi: Mayi Charity, bwana wa kulikulu, mzungu wamtali wa chimfine, ine, ndi a Zacheus akukankha mpando. A Tulloch anavala suti yawo yakuda ya kukhoti, imene tsopano ikuwakulira m'mapewa. Bwana uja anati akhoza kulankhula atakhala, iwo anakana. Anagwira tebulo ndi dzanja lamanja, n'kudzuka pang'onopang'ono mpaka anaima. Mtima wanga unali m'mwamba kuopa kuti agwa.

Ndinkaganiza kuti ayamba ndi kukalipa. Ayi, anayamba ndi kuthokoza Mayi Charity. Anati pa zaka zonse zimene akhala loya, akanakonda mabwana ambiri akanamapsa mtima chonchi akaona wantchito atagwada, bwenzi theka la milandu yawo kulibe. Mayi Charity anasowa poyang'ana. Kenako ananditembenukira n'kuyamba kundifunsa ngati sitidziwana. Dzina langa, kwathu, amene anandiphunzitsa kugwada, ndi chimene chinkachitika ndikaiwala. Ndinati khutu linkakokedwa. Anafunsa kuti khutu liti, ndinati limene layandikira. Bwana wa chimfine anabisa pakamwa ndi kampango.

Atatero anati akuitana mboni yawo, Mayi Nachisale a ku Domasi, mphunzitsi wopuma ntchito, n'kuuza a Zacheus kuti ayatse vidiyo pa mphindi 47.

Amayi, munatulukira pa kanema mu ofesi ya ku London, mutavala chitenje chanu chobiriwira chija ndi duku lake. Munayenda ndi beseni la madzi mpaka pamene anakhala malume anu a Sunday, n'kugwada mwaulemu, iwo n'kusamba m'manja mosafulumira, inu muli chogwada mpaka anamaliza. Misozi inalengeza m'maso mwanga, osati chifukwa cha mlandu, koma kukuonani.

Mayi Charity sanagonje. Anati zimenezi zikungoonetsa kuti kwathu akazi ndi oponderezedwa, ndipo mwana waphunzira mantha kwa mayi ake. Ine magazi anawira, koma a Tulloch anandikwezera chala kuti ndikhale chete. Nkhope yawo inali ya munthu amene msampha wake wagwira. Anauza a Zacheus kuti apititse pa ola limodzi ndi mphindi khumi ndi ziwiri.

Mukukumbukira chimene chinachitika nthawi imeneyo? Malume omwewo a Sunday, atakhuta za m'botolo, analanda maikolofoni kuti alangize Thandiwe kachitatu, n'kuyamba kufotokoza za chibwenzi chawo cha mu 1962. Pa kanemapo munachokera kumanzere, liwiro lake losaoneka bwino. Maikolofoni tsomphoo, jekete gwii, malume pa mpando khuu. Ndiye chala chili pamphuno pawo, mawu anu anamveka bwinobwino chifukwa maikolofoni inali m'dzanja lanu: “Khalani pansi, malume, mwalankhula zokwana. Mukadzukanso mupita kwanu wapansi.” A Zacheus anamasulira liwu ndi liwu, mpaka kutsanzira ndi chala chomwe.

A Tulloch anaimitsa kanema nkhope yanu ili pomwepo, n'kufunsa mofatsa ngati ameneyu akuoneka ngati mayi amene amagwada chifukwa cha mantha. Bwana uja anaseka mpaka kutsokomola, n'kupempha kuti abwereze. Anabwereza kawiri. Pomaliza anaonetsa pamene alamu anga a Rogers, amuna ake a Thandiwe, ndi suti yawo ya kubanki, ananjuta pamaso panu akulandira malangizo, mutu uli pansi, kuti aone kuti kwathu ndi amuna omwe amatsika pamaso pa wamkulu.

Mayi Charity okha sanaseke. Anatiuza za agogo awo aakazi, amene atafika kuno kuchokera ku Jamaica anakolopa masitepe a nyumba za olemera zaka makumi atatu ali chogwada, mpaka maondo anauma ngati chikumba. Ali mwana ankawapaka mafuta madzulo, ndipo analumbira kuti sadzalola munthu wakuda kugwada pamalo pamene iwo akuyang'anira. Mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo, Amayi. Ndinaona kuti mayiyu sankadana ndi munthu, ankanditeteza m'njira imene ankaidziwa.

Kenako anayang'ana a Tulloch n'kunena kuti za ine amva, koma atsala ndi mafunso awiri. Ku Nyasaland ankachitako chiyani mu 1959, ndipo ankamva bwanji mumtima mkazi wa ku Africa akamawagwadira tsiku ndi tsiku?

Nkhalamba ija inakhala pansi. Atayamba kulankhula, mawu a kukhoti aja anali atapita, anatsala a munthu wokalamba basi.

Anati anthu a mpingo anawatuma kukaimira amene anamangidwa chifukwa chokana chitaganya. Munthu wawo woyamba anali mphunzitsi wa pulayimale, a Greenwell Matewere. Atafika ku kampu kumene ankawasunga, anapeza amuna oposa zana atawagwaditsa m'mizere pa miyala, dzuwa lili pamutu, manja ali kunkhongo, ndipo anali choncho kuyambira m'mawa. A Matewere anali mu mzere wachitatu. A Tulloch anapempha mlonda kuti munthu wawo aimirire kuti alankhulane, mlonda anakana. Anapempha mpando, anakananso. Ndiye iwo, ndi suti yawo, anagwada pa miyala pomwepo kutsogolo kwa mphunzitsiyo, pepala pa ntchafu, n'kulemba mawu ake onse. Anati anakhala choncho mphindi makumi anayi zokha koma maondo anatuluka magazi, pamene anzawo aja anali atakhala maola asanu ndi limodzi.

Mlandu uja analuza. A Matewere anakhalamo chaka china ndi miyezi, ndipo anatuluka akuyenda ndi ndodo. Ankalemberana makalata mpaka 1971, pamene makalata anangosiya kubwera. A Tulloch anati milandu aluza yambiri pa moyo wawo, koma umenewu ndi umene unawalowetsa ndale, ndipo ndi umene sautchula. Fili koloko iliyonse ine ndikagwada, iwo ankaona mzere wachitatu uja, n'chifukwa chake ankayang'ana ku zenera.

Ndinaiwala kuti tili pa msonkhano. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji osandiuza zaka ziwiri zonsezi, ine n'kumawapweteka tsiku ndi tsiku ndikuyesa ndikuwalemekeza. Yankho lawo ndalisunga, ndipo ndilemba monga ananenera:

“Unali ulemu wa amayi ako, mwana wanga, ndipo unkandipatsa ndi mtima wonse. Anthu a khungu langa anauza kale Amalawi zochita ndi maondo awo. Sindinafune kukhala winanso.”

Bwana wa chimfine anamina, ndipo sindikhulupirira kuti chinali chimfine chokha. Mayi Charity anatenga kalata ija n'kuing'amba pakati, eni ake, bwana asananene kanthu. Anadzuka, kuzungulira tebulo, kugwira dzanja la a Tulloch n'kupepesa. Bwana anangotsimikiza kuti mlandu watha, chipinda 14 ndi chawo, ndipo ku New Zealand sikupita kalata iliyonse.

Tikutuluka, nkhalamba ija inali itabwerera kale mwakale. Inauza a Zacheus kuti akankhe mpando mofulumira anthu aone kuti wopambana akudutsa. Pa khonde inawerenga ndi zala n'kunena kuti zatenga zaka 47, koma mlandu wa ku Malawi yawina tsopano, ndipo mboni yabwino ngati inu sinaionepo ku Glasgow kapena ku London. Masiku ano Mayi Charity akumapita ku 14 Lachinayi lililonse kukatsutsana nawo za ndale, ndipo mawu amamveka mpaka kukhitchini. Lamulungu loyamba la mwezi uno a Zacheus anawaperekeza ku manda monga mwa nthawi zonse, ati anakhalako ola lathunthu akufotokozera mkazi wawo mmene mlandu unayendera.

Tsono pempho langa ndi ili, Amayi, ndipo ndi limodzi lokha.

Lolemba lotsatira ndinalowa ndi tiyi n'kupeza mpando wachiwiri uli pafupi ndi zenera, a Zacheus atautenga ku chipinda chodyera. A Tulloch anati loya sagwira ntchito yaulere, ndipo malipiro awo ndi akuti fili koloko ndizibwera ndi makapu awiri, ndizikhala pa mpandowo, tizimwera limodzi tikuonerera pantoni. Mayi Charity avomereza kale mphindi khumi. Ndinayesa, Amayi. Ndinakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando. Kukhala pa mpando wofanana ndi munthu wamkulu, maso ndi maso, n'kumamwa tiyi! Khutu langa linayamba kutentha lokha, ngati muli kumbuyo kwanga.

Iwo anaona. Anaseka, n'kunena kuti alakwitsa ndi iwo, apempha kwa munthu wolakwika. Ati mwini maondo amenewa ndi amene anawaphunzitsa, ndipo salandira malipiro awo mpaka mboni yawo itavomera ndi dzanja lake pa pepala. Ndiye pakali pano sindikugwada, chifukwa ndadziwa chimene amaona ndikagwada. Sindikukhalanso, chifukwa simunalole. Ndikumapereka tiyi chowerama ngati wodwala msana, ndipo a Zacheus akuti ndikapitiriza andipezera bedi m'nyumba momwemuno.

Chonde lembani mizere iwiri yokha, yonena kuti mwana wanu Effie mwamulola kukhala pa mpando pamaso pa Bambo Tulloch, ndipo si mwano. Lembani m'Chichewa, akufuna ayese kuwerenga okha. Ndikudziwa kuti mudzayamba mwang'ung'udza kuti London yandiwononga. Sinandiwononge, Amayi. Munandiphunzitsa kugwada kuti wamkulu amve bwino mumtima, ndipo wamkulu uyu amamva bwino ndikakhala.

Mundiperekere moni kwa Thandiwe ndi alamu anga a Rogers, muwauze kuti chinkhoswe chawo chagwira ntchito kawiri. Moni kwa achimwene a Walter ndi alamu, kwa azakhali a ku Malosa, ndi kwa amayi onse a Mvano. Kwa malume a Sunday mupereke moni wapadera, koma musawauze kuti ku London anawabwereza kawiri. A Zacheus akuti moni, ati akukuopani ngakhale sanakuoneni. A Tulloch akuti ndilembe mawu awo a Chichewa monga anenera, kuti zikomo kwambiri, mayi.

Za kuchipatala musaiwale. Ndipo kalatayo musachedwe nayo, musadikire kuti mumalize kudzala. Munthuyu ali ndi zaka 81, positi ya kwathu mukuidziwa, ndipo fili koloko iliyonse akumafunsa ngati yafika. Mpando uli pomwepo pa zenera, palibe akukhalapo.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Effie